Chiphaliwali Akaweruka ku Ntchito

Bambo Mawa anajambula munthu wamphamvu kuposa anthu onse kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo m'zaka zonsezo munthuyo sanamenyepo ngakhale mbava imodzi. Ndicho chimene amakumbukiridwa nacho mumsewu mwathu. Ntchito yawo yeniyeni inali yolemba zikwangwani za masitolo, ndipo ankaidziwa: akajambula nkhuku inkaoneka nkhuku, osati bakha. Koma Loweruka lililonse m'mawa ankatenga pepala lalikulu n'kukalikhoma ndi misomali inayi pakhoma la nyumba yometera, pansi pa khonde pomwe mvula sifika. Papepalapo pankakhala timabokosi tinayi ta katuni, ndipo m'timabokosimo munkakhala Chiphaliwali.

Chiphaliwali anali chimunthu cha chifuwa ngati chitseko cha galaja, nsalu yofiira ikulendewera kumsana, kansalu kena kataphimba maso. Ankati amauluka. Ankati basi yodzaza amainyamula ndi dzanja limodzi. Ankangotero, palibe anaziona. Kabokosi koyamba sabata iliyonse kankaonetsa Chiphaliwali ataweruka, akulowa m'nyumba, akupachika nsalu yake pa msomali kuseri kwa chitseko. Titatu totsalato tinali ta zapakhomo. Nkhondo zake zonse zinkachitika mkati mwa sabata, kutali ndi pepala.

Anthu odziwa makatuni akunja, momwe zimphona zimagwetsa nyumba zosanja ndi chibakera, ankadandaula.

"Bambo, auluka liti munthu wanuyu?"

"Auluka mawa."

"Sabata yatha munateronso."

"Ndiye mwaona kuti sindisintha mawu."

Dzina lawo linachokera pamenepo, ndipo lakwawo linaiwalika. Wometa, yemwe khoma linali lake, anayesa kuwanyengerera mofatsa.

"Achimwene, nkhonya imodzi yokha. Makasitomala akupempha."

"Kuuluka ndi kumenya ndi ntchito yake," anatero a Mawa. "Inu mukatseka pano, mukafika kwanu mumayamba kumeta akazi anu?"

Anthu anang'ung'udza chaka chimodzi, kenako anazolowera, kenako anayamba kufika pakhomapo wometa asanatsekule. Ndipo choseka chinalipo. Chiphaliwali akulimbana ndi kulowetsa ulusi m'singano ndi zala zopinda njanji. Chiphaliwali akufinya thaulo, thaulo n'kuduka pawiri, iye n'kubisa zidutswazo m'thumba kuopa mkazi wake. Chiphaliwali akupha mphemvu ndi silipasi, khoma la khitchini n'kugwa, mphemvu n'kudutsa pamwamba pa njerwa ili bwinobwino. Chiphaliwali pamzere wa kuchipatala ndi dzino lobooka, adokotala atathyola kale mapulayala atatu. Koma masabata ambiri zinali zachete: kutsuka mbale, kusita, kukolopa, kusoka batani, kusambitsa mwana. Ndipo pakona pa kabokosi kalikonse pankakhala mkazi wa Chiphaliwali, mayi wonenepa, miyendo ili pa mpando wina, kapu ya tiyi ili m'manja, chala chikuloza pomwe patsala fumbi.

Mayi ameneyu anali ndi mphuno ya akazi a Bambo Mawa. Msewu wonse unaizindikira mphunoyo.

Akazi awo anali telala, munthu woonda ngati mtengo wa tsache, ndipo makina awo opalasa ndi phazi ankakhala pakhonde lakumbuyo. Nyumba inali kumapeto kwa msewu, mkati mwa mpanda wautali wa njerwa. Zochitika mkatimo ankazidziwa ndi Mayi Telala, mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, ndi mpando wa Bambo Mawa. Mpandowo unkakhala pakhomo la khitchini. A Mawa ankakhala pamenepo, thabwa pamwendo, pensulo m'manja, n'kumaonerera.

"Imani choncho, mayi. Musasunthe."

Mayi Telala ankaima, beseni la zovala zonyowa lili m'chiuno, madzi akutsikira m'mwendo.

"Mkono watopa, bambo."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwezani chigongono pang'ono. Chiphaliwali sanyamula ngati wodwala."

"Bwerani munyamule nokha, mumve m'mene amanyamulira."

"Ndikanyamula ine, ajambula ndani?"

Sanatsukepo supuni. Ankati sopo amaumitsa zala, ndipo zala zouma zimatulutsa mizere yonjenjemera. Tsache linkawapatsa chimfine. Nthunzi ya simbi inkawononga maso. Chaka china denga linayamba kudontha pamwamba penipeni pa makina osokera. Mayi Telala anadikira milungu itatu, kenako anatenga makwerero n'kukwera okha, hamala m'manja, misomali m'kamwa. A Mawa anatulutsa mpando panja. Mphepo itagwetsa makwerero, iwo anati, "Khalani pomwepo, kuwala kuli bwino," n'kumaliza kaye mwendo umene ankajambula. Loweruka lake Chiphaliwali anali padenga, misomali m'kamwa, mkazi wake ali pansi pa ambulera akuloza podontha. Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Mayi wina anawaimitsa Mayi Telala kumsika.

"Koma inu muli ndi mwayi, anzathu. Tiyi ameneyu sakutopetsani?"

Pagulu a Mawa anali ndi ntchito imodzi. Akazi awo akamachokera kumsika ndi dengu, iwo ankawadikira pa mpopi, mapazi makumi atatu kuchokera kwa wometa. Ankalandira dengulo, kudutsa nalo pamaso pa anthu akupukuta thukuta, n'kulibweza pokhotera.

Zikanathera pa kuseka zikanakhala bwino. Koma amayi a mumsewu anapeza ntchito ya pepalalo. Anayamba ndi akazi a wometa, mayi wamfupi wa mawu akuthwa kuposa lumo la amuna awo. Anawakokera amuna awo pakhomapo, kasitomala atameteka mbali imodzi.

"Taonani. Munthu wonyamula basi akutsuka poto. Inu mumanyamula chipeso."

Sipanapite nthawi, wogulitsa nyama anaoneka akuyanika matewera. Dalaivala wa basi, munthu amene ankati khitchini ndi malo oopsa kwa mwamuna, anaphunzira kusenda anyezi, misozi ili mbwembwembwe. Mwamuna akati watopa, ankangomva kuti Chiphaliwali satopa. Akati Chiphaliwali ndi wapapepala, yankho linali lokonzeka kale.

"Nanga a Mawa ndi apapepala? Munthu sajambula chimene sachidziwa. Taonani m'mene wagwirira simbiyo."

Ndipo zoona, simbiyo inagwiridwa bwino.

Amuna anatuma nthumwi zitatu: wometa, wanyama ndi dalaivala. Anawapeza a Mawa ali pa chikwangwani cha ogulitsa matayala.

"Achimwene, mwatiphetsa," anatero dalaivala, akuonetsa zala zotuwa ndi sopo. "Sitikupempha zambiri. Mpatseni mdani. Mbava, chilombo, aliyense. Amenyeko sabata imodzi, ife tipume."

"Mukufuna nkhondo?"

"Nkhondo."

"Muipeza Loweruka."

Loweruka anabwera ndi anzawo omwe. Chiphaliwali anali atatulutsa matiresi padzuwa, akumenyana ndi nsikidzi, timabokosi tonse tinayi. Pofika masana matiresi onse a mumsewu anali panja, ndipo onyamula anali amuna.

Mayi Telala sanaseke. Chinkawawawa si ntchito, ntchito anakula nayo. Chinkawawawa n'chakuti ntchito yawo inkatuluka m'nyumba Loweruka lililonse itavala nsalu yofiira, iwo n'kutsala ndi kapu ya tiyi. Ankafuna chinthu chimodzi chokha: tsiku lina anthu amve kuti manja a Chiphaliwali ndi a ndani.

"Ndidzanena," anatero tsiku lina, akukolopa mozungulira miyendo ya mpando.

"Nenani. Pakamwa ndi pepala zikakangana, anthu amakhulupirira pepala."

"Bwanji osangomujambula mkaziyo akusesa? Kamodzi kokha."

"Mkazi wosesa ndi nkhani? Pakhomo lililonse alipo. Ndani angaime pakhoma kuti aone zimenezo?"

A Mawa anayankha osadzutsa mutu. Choipa chake n'chakuti sananame.

Mayi Telala anayesa kwa akazi a wometa, tsiku lomwe ankawayeza diresi, tepi ili m'chiuno.

"Amuna anga aja sadziwa ngakhale pomwe tsache limakhala."

Akazi a wometa anayang'ana kukhomo, n'kutsitsa mawu.

"Nthabwala zina n'zodula, anzanga. Mundiwonjezereko pang'ono m'chiuno umu, ndisamapume mobanika."

Chaka chotsatira gulu la amayi linawaitana a Mawa kuholo kuti akaphunzitse anyamata ofuna kukwatira kasitidwe ka shati. Mayi Telala anavala diresi yabwino n'kukhala kutsogolo. Anati lero zioneka. A Mawa analowa dzanja lamanja litakulungidwa bandeji mpaka m'chigongono.

"Ndinapsa ndi simbi dzulo," anauza anthu, ndipo holo yonse inati pepani. "Koma phunziro silingafe. Mayi, tabwerani, nanunso muphunzireko. Ine ndizinena, inu muzichita."

Mayi Telala akanatha kuotcha shatiyo. Anaganiza zimenezo ali chiimire, simbi ili m'manja. Koma telala saotcha nsalu anthu akuona. Anasita kolala, mapewa, manja, mzere uli nga, a Mawa akuzungulira tebulo n'kumati, "Pang'onopang'ono. Eya. Mwayamba kugwira." Anthu anawomba m'manja. Mayi wa pampando wa gululo anati mphunzitsi wotere sanamuonepo: munthu wosagwirapo simbi, n'kudziwa kusita tsiku limodzi lokha.

Ndiye Mayi Telala ananyanyala. Mwana atapita kusukulu yogonera komweko, iwo anakhala pa mpando, miyendo pa mpando wina, n'kudzipangira tiyi. Masiku asanu ndi limodzi. Mbale zinaunjikana mpaka pawindo. A Mawa ankayendayenda ndi pensulo ngati nkhuku yosowa poikira. Anayesa kujambula za m'mutu, Chiphaliwali n'kutuluka atagwira tsache ngati ndodo yophera njoka. Anang'amba. Loweruka khoma linali mbee, koyamba m'zaka khumi ndi zinayi. Pofika masana amayi asanu anali pageti ndi malalanje. Anawapeza Mayi Telala miyendo ili m'mwamba, kapu ili m'manja, mbale zili mulu, a Mawa atagona pa sofa kansalu konyowa kali pamphumi.

"Mwawadwalitsa," anatero akazi a wanyama. "Munthu si makina, anzathu. Sabata imodzi yokha simungawapumitseko?"

A Mawa anadya malalanje onse. Mayi Telala anatsuka mbale.

Zaka zinapita. Mwana anakwatiwa n'kusamukira kutali. Tsitsi la Chiphaliwali silinamere imvi, koma la a Mawa linayera, kenako miyendo inakana, kenako chifuwa. Mpando unachoka pakhomo la khitchini, m'malo mwake n'kubwera bedi, chifukwa a Mawa anati kuchipinda kulibe choona. Anakoka bedilo ndi Mayi Telala. Ankawatembenuza, kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi supuni, kukataya ndowa. Loweruka ankanyamula okha pepala kukalikhoma kwa wometa, pakuti panalibe wina.

Mapepala a miyezi imeneyo anthu amawatchulabe. Mkazi wa Chiphaliwali wadwala, ali pabedi akudandaula kuti supu ndi wotentha. Chiphaliwali akuuzira supuni. Chiphaliwali akumupukuta msana ndi kansalu, zala zija zopinda njanji zikuyenda ngati pa dzira. Amayi ankapukuta m'maso pakhomapo.

"Ngakhale pano, bambo?" anafunsa Mayi Telala, akuwasintha shiti.

"Nanga ndijambule siling'i? Ndimaona inu basi."

Loweruka lina akukhoma msomali wachinayi, wometa anaima kumbuyo kwawo.

"Mayi, mukawafunse achimwene. Milungu itatu tsopano Chiphaliwali akunyamula ndowa ndi dzanja lamanzere. Wavulala kuntchito?"

Anayang'ana. Zinali zoona. Phewa lawo lamanja linali likuwawa kuyambira pomwe anayamba kunyamula munthu wamkulu, ndipo sanauzepo aliyense, ngakhale mwana wawo pafoni. Anabwerera kunyumba n'kuima kumiyendo kwa bedi.

"Mwaona liti za phewali?"

"Tsiku lomwe linayamba. Lachiwiri lija, mukukweza ndowa. Munaluma mlomo."

"Ndiye osanena kanthu?"

"Ndinajambula."

"Mafuta opaka ali pawindo apo. Dzanja lanu limafika."

A Mawa anayang'ana botolo. Anayang'ana zala zawo. Mayi Telala anayamba kumasula batani la pakhosi, poganiza kuti awapaka.

"Amaterera," anatero. "Pensulo singagwirike."

Anamwalira patapita milungu iwiri, Lachinayi, pepala la sabata imeneyo litatha timabokosi tiwiri. Mayi Telala analira monga amalirira munthu amene wakhala naye zaka makumi atatu, osachepetsa, osawonjezera.

Patatha mwezi wometa anaitanitsa anthu. Anali atasunga mapepala onse m'makatoni. Anasankha abwino, kuwaika m'magalasi, kuwapachika mkati mometeramo, n'kuyala mabenchi pakhonde. Wanyama analankhula, nati malemu anali mwamuna wachitsanzo. Dalaivala, yemwe panthawiyi anali atapuma ntchito, anati malemu anamuphunzitsa kuti poto saluma. Akazi a wometa ankatsogolera kuwomba m'manja. Kenako anati mayi wamasiye anenepo mawu awiri.

Mayi Telala anaimirira. Mawuwo anali atawakonza zaka zoposa makumi awiri, koma potuluka anali ochepa.

"Amuna anga sanatsukepo mbale. Sanasitepo, sanasesepo, padenga sanakwerepo. Zonse zili m'magalasimo ndinachita ndine. Iwo anali pa mpando. Wa tiyi uja ndi iwo, yanga ndi mphuno yokha. Zikomo."

Anakhala pansi. Dalaivala anatembenuza manja ake, kuwayang'ana kuseri ndi kutsogolo.

"Olo supuni, mayi?"

"Olo supuni."

Mapewa a dalaivala anayamba kugwedezeka, kenako kuseka kunatuluka konse, mpaka kutsokomola.

"Zaka makumi awiri ndikulira ndi anyezi," anatero, "chifukwa cha munthu wa pa mpando."

"Ndinkadziwa ine," anatero wanyama, yemwe sankadziwa kanthu. "Zala zija zinali zosalala kwambiri. Anali mwamuna weniweni, achimwene aja. Anatipusitsa tonse ali chikhalire."

Amuna ananyamuka onse pamodzi kukamwa pokumbukira malemu. Ali moyo a Mawa sanalemekezedwepo ndi amuna anzawo ngati tsiku limenelo.

Pamabenchi panatsala amayi. Palibe anayang'ana mnzake. Akazi a wometa anadzuka, n'kudzakhala pafupi ndi Mayi Telala.

"Mwapepukidwa?"

"Ndanena zoona."

"Zoona zake ziti zomwe sitinkazidziwa? Mwakhala mukutiyeza madiresi ndi manja amenewo, okhakhala ngati khungwa la mtengo. Tinadziwa chaka choyamba. Tonse."

"Ndiye n'kumandifunsa za tiyi?"

"Tikanatani? Mwamuna mmodzi pa mpando, makumi atatu pa sinki. Masamu ake ndi osavuta. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, sitikukana. Koma inu mwatsekula cha tonse."

"Nanga ine?"

Akazi a wometa anakonza chikwama pamwendo.

"Inu munali mutazolowera."

Msewu wathu tsopano uli ngati misewu ina yonse. Wometa anapaka penti pakhoma paja n'kumatapo zithunzi za mametedwe. Loweruka m'mawa amuna amakhala pamabenchi n'kumakangana za mpira, ndipo kuseri kwa nyumba zawo kumamveka mbale. Palibe choimira pakhonde, anthu amangodutsa. Magalasi aja akadali mkati, ndipo kasitomala wachilendo akafunsa kuti chimunthu cha nsalu yofiirachi bwanji chikukolopa, wometa amati inali nthabwala yakale. Sipanapezekenso munthu woti msewu wonse uzimuseka ndi kumutukwana tsiku limodzi. Amayi amapita ndi nsalu zawo kwa telala wa kumsika, yemwe amasoka zokhota. Akakumana ndi Mayi Telala amapereka moni akuyenda.

Mayi Telala sanapepese kwa aliyense, ndipo palibe anawapepesa. Mwana wawo anabwera kudzacheza mwezi watha, nawapeza pa makina, akusoka yunifomu ya mwana wa mumsewu wina.

"Amayi, mumawasowa abambo?"

"Ntchito yachepa."

"Si zimene ndafunsa."

Anadula ulusi ndi mano.

"Dzulo ndinaterereka pa sitepe ya kubafa. Ndinakhala pansi kanthawi, kenako ndinadzuka ndekha. Bambo ako sakanandidzutsa, usadzinamize."

Anasuntha nsalu pansi pa singano, n'kuika phazi popalasira.

"Koma akanaona."